Tepi Nambala 31

1

Ntchito yanga inali yomvera zinsinsi za anthu, ndipo ndinkainyadira. Ndinkakhala pa kompyuta tsiku lonse, mahedifoni m'makutu, phazi pa chopondera. Ukaponda, mawu ojambulidwa amayenda. Ukachotsa phazi, amaima, iwe n'kutaipa zimene wamvazo. Ofesi yathu inkataipira anthu ochita kafukufuku osiyanasiyana: lero alimi akudandaula za mbewu, mawa aphunzitsi, mkuja odwala. Tinalimo anayi m'kachipinda ka windo limodzi, ndipo mawuwo tinkangowatchabe matepi, ngakhale ankabwera pa kompyuta.

Matepiwo sankakhala ndi mayina, ankakhala ndi manambala. Mayi otiyang'anira, omwe tinkawatcha a Makiyi chifukwa ankamveka asanaoneke, anatisainitsa pepala tsiku loyamba.

"Ukazindikira mawu a munthu, chotsa phazi, vula mahedifoni, bwera udzandiuze," anatero. "Usamve ngakhale liwu limodzi lowonjezera. Anthuwa anatikhulupirira."

Ndinasaina ndikuseka mumtima. Mumzinda wonsewu, ndingakumane ndi yani?

Amuna anga ndi ometa tsitsi. Anthu amawatcha a Phee, poti mawu awo ndi owerengeka. Masiku amenewo malo awo ometera ankadzaza ndi ana, chifukwa mwana amene ankalira ndi kupalapata kwa ometa ena, kwa a Phee ankawodzera pampando. Tinkakhala m'nyumba ya m'mwamba, pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Pokwera pali masitepe a simenti khumi ndi asanu ndi awiri, opapatiza, chogwirira chake mbali imodzi yokha.

Mwana wathu wamkazi anali ndi miyezi isanu. Tinkamutcha Kawayilesi, chifukwa akatsegula pakamwa panalibe pozimitsira. Ndipo bambo ake, munthu wokondedwa ndi ana a eni ake, wawoyu sankamunyamula. Anasiya ali ndi milungu itatu.

"Tamugwirani pang'ono ndiphule mphika," ndinkatero.

"M'manja muli tsitsi, mayi, lingamuyabwe."

"Mwasamba kumene."

"Mugonekeni pabedipo, ndizimuyang'ana."

Zinkandiwawa. Kenako ndinamva kuti Lachiwiri lililonse masana ankatseka malo ometera n'kusowa maola awiri. Mutu wanga unathamangira komwe wanu wathamangirako: kuli mkazi wina.

Inenso ndinali ndi langa. Kuyambira ali ndi masiku khumi, mwanayo sindinkamusambitsa m'beseni. Ndinkangomupukuta ndi kansalu konyowa, ndipo omusambitsa anali amayi olera ana kumene ndinkamusiya popita kuntchito. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti msana sundilola kuwerama.

2

Mwezi umenewo tinalandira matepi a kafukufuku watsopano. A Makiyi anatifotokozera mwachidule: ofufuza ankayesa njira yothandizira anthu ovutika ndi maganizo oopsa amene amangobwera okha m'mutu. Panalibe mankhwala. Munthu ankacheza ndi mlangizi kamodzi pamlungu, n'kupatsidwa zokachita kunyumba. Ife tinkataipa machezawo kuti ofufuzawo aone ngati alangizi akutsata njirayo moyenera.

Lachinayi m'mawa ndinatsegula tepi nambala 31. Munthuyo anakhosomola kawiri asanayankhule. Kukhosomola kumeneko ndinali nditakumva zaka zinayi.

"Ndiyambire pati?" anatero amuna anga.

Phazi langa silinachoke pa chopondera. Ndinadziuza kuti ndingomva dzina la mkaziyo basi.

"Yambirani pomwe pakukuvutani kwambiri," anayankha mlangizi, mayi wa mawu odekha.

"Ndili ndi khanda kunyumba. Ndikangomunyamula, m'mutu mumabwera chithunzi. Ndimadziona ndaima pamwamba pa masitepe, ndatambasula manja, mwana akugubuduka. Sindifuna, mayi. Mulungu akundiona, sindifuna. Koma ndikachithamangitsa chimabweranso mwamphamvu."

"Ndiye mumatani?"

"Sindimunyamula. Akazi anga akamatsika naye, ine ndimatsalira, ndapisa manja m'matumba. Usanathe mwezi uno ndimafuna ndichoke pakhomo, ndisanachite choipa."

Analira. Ine sindinali ndisanawamvepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo.

Mlangiziyo anawafunsa mafunso ambiri, limodzilimodzi, osafulumira. Atatha anati: "Tamvani, bambo. Maganizo oterewa amadutsa m'mitu ya anthu ambiri, makamaka amene ali ndi makanda. Ambiri amangoti zaziii, n'kupitiriza zomwe amachita. Inu ganizoli mwalitenga ngati umboni wakuti ndinu woipa, ndiye mukulithawa, ndipo mukamalithawa ndi pomwe likukula. Likukuzunzani chonchi chifukwa likugunda pa chimene mumachikonda kwambiri. Ganizo si cholinga."

"Ndiye sindine wamisala?"

"Ndinu bambo wamantha. Akazi anu akudziwa?"

"Ayi! Amene uja ndi munthu woyera mtima. M'mutu mwake simungalowe zonyansa ngati zimenezi. Atamva angandione ngati chilombo."

Ndinataipa zonse, masamba khumi ndi anayi, popanda kulakwitsa ngakhale chilembo. A Makiyi atadutsa ndi makiyi awo, ndinawamwetulira. Madzulo ndinakwera masitepe aja ndikuwawerenga, ndinapeza amuna anga akukonza mashini ometera patebulo, ndipo ndinawafunsa ngati tsiku layenda bwino.

3

Matepi ankagawidwa mwachisawawa, koma ine ndinapeza njira. Mlungu uliwonse ndinkasuzumira pa mndandanda wa anzanga, ndipo amene wagweredwa 31 ndinkamunyengerera.

"Ndipatse ameneyo, amayankhula pang'onopang'ono, zala zanga zipumeko. Tenga wanga uyu wa alimi."

Palibe amene anakana. Motero ndinakhala munthu wachitatu m'chipinda cha mlangizi kwa milungu isanu ndi iwiri, wosaoneka, wosaitanidwa.

Iwo ndi mlangizi analemba zimene ankazitcha makwerero: zinthu khumi zimene amuna anga ankaziopa, kuyambira chaching'ono. Choyamba, kunyamula mwana atakhala pansi, mphindi ziwiri. Chachitatu, kumunyamula atakhala pampando. Chachisanu, ataimirira. Chachisanu ndi chinayi, kuima naye pakhomo, masitepe akuoneka. Chakhumi, kutsika naye mpaka pansi. Lamulo lake linali lakuti chithunzi chija chikabwera asachithamangitse, asapemphe wina kuti amulandire mwanayo, angokhala nacho mpaka mantha atatsika okha. Akatero alembe m'kabuku kuchuluka kwa manthawo, kuyambira ziro mpaka khumi.

Lachisanu lina madzulo anakhala pansi pamkeka n'kukhosomola kawiri.

"Mayi, tandipatsaniko Kawayilesi."

Ndinachita ngati ndadabwa. "Lero kwagwanji? Tsitsi latha m'manjamo?"

"Bweretsani."

Anamugwira ngati dzira. Thukuta linkayenderera m'khosi, maso ali pa wotchi yapakhoma. Mwanayo anawayang'ana, anawagwira mphuno, n'kuseka. Zitatha mphindi ziwiri anandibwezera, analowa kubafa, ndipo ndinamva kabuku kakutsegulidwa. Lachinayi lotsatira ndinamva m'mahedifoni: "Anayamba pa naini, mayi, anatsika kufika pa sikisi. Ndipo anandigwira mphuno."

Mungaganize kuti ndinkasangalala, ndipo mbali ina ndinkasangalaladi. Kunalibe mkazi wina. Amuna anga ankachira ndikuona ndi maso. Pofika mlungu wachisanu ankayenda naye m'chipinda akumuimbira, munthu woti sindinkadziwa n'komwe kuti amaimba. Koma mawu a mlangizi uja ndinkawabwereza kawiri katatu, kuposa mmene ntchito inkafunira. Ndinkabweza tepi, n'kumvetseranso. Ndipo nthawi iliyonse amuna anga akati, "Akazi anga ndi olimba, iwo alibe zoterezi," ndinkamva ngati andithira madzi otentha kumsana.

Pa tepi yachisanu ndi chiwiri anati: "Loweruka m'mawa nditsika naye. Ndikafika pansi, ndikwera n'kuwauza akazi anga zonse. Ndikufuna ndiwauze nditapambana."

"Mwayenda ulendo wautali," anatero mlangizi. Ndinamva kuti akumwetulira.

4

Amayi anga anabwera Lachisanu kudzacheza. Ndi munthu wamaso akuthwa, woti fumbi la pansi pa bedi amaliona ali pakhomo. Loweruka m'mawa anatenthetsa madzi, anawathira m'beseni, anayesa ndi chigongono, n'kundiitana kukhitchini.

"Bwera naye umusambitse ndione."

"Msana, amayi."

"Msana uti? Dzulo wanyamula chidebe chodzaza kukwera nacho masitepe onsewa. Ndaika beseni patebulo, suwerama."

"Musambitseni ndinu, mwamusowa."

"Ayi. Miyezi isanu ndi iwiri, mayi wake sanamusambitsepo? Amayi olera aja andiuza dzulo. Akuti Lolemba mwana amabwera m'khosi muli litsiro." Anandiyang'ana m'maso. "Iwe, ukuopa chiyani?"

"Palibe."

"Ndinakubereka ndine. Ukuopa chiyani m'madzimu?"

Madzi aja anali phee m'beseni, nthunzi ikukwera, ndipo amayi anali asanaphethire. Nthawi yomweyo ndinamva chitseko chakunja chikutsegulidwa. Ndinasuzumira. Amuna anga anali ataima pamwamba pa masitepe, Kawayilesi ali pachifuwa, dzanja limodzi litachirikiza kamutu kake. Ankapuma pang'onopang'ono monga anawaphunzitsira. Anatsitsa phazi pa sitepe yoyamba, kenako yachiwiri.

Ndinkadziwa chimene ankachita. Ndinkadziwa tsiku, ndinkadziwa nthawi, ndinkadziwa kuti mwanayo anali m'manja otetezeka kuposa ena alionse m'nyumbamo. Ndikufuna mumvetse zimenezi, kuti pasakhale wondichepetsera mlandu.

Ndinakuwa.

"Mwana wanga! Bweretsani mwana wanga!"

Ndinathamanga n'kumutsomphola m'manja mwawo. Mwanayo analira, anthu a m'sitolo ya pansi anatuluka kudzaona.

"Wapenga iwe?" anatero amayi. "Si bambo ake amenewa?"

"Amafuna kumuponya! Amaganiza zomuponya pa masitepe, tsiku ndi tsiku! Afunseni!"

Amuna anga anatsala manja ali m'malere, mmene munali mwana muja. Sanakalipe. Anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu:

"Wakuuzani ndani?"

"Mayo ine!" anafuula amayi. "Ndiye n'zoona!"

Za beseni sanazitchulenso. Madzi aja anazizira patebulo pomwepo.

5

Dzuwa lisanafike pamutu achimwene anga anali atafika ndi galimoto. Analongedza zovala zathu m'matumba, ndipo potuluka analoza alamu awo chala kumaso.

"Mukangoyandikira kwa amayi, mudzandidziwa bwino."

A Phee anali atakhala pa sitepe yachiwiri ija, manja ali m'matumba. Tinachita kuwalambalala.

Nkhani inayenda mofulumira kuposa galimotoyo. A m'sitolo anauza ogula, ogula anauza akazi awo. Pofika Lachitatu inali itasintha kale: ena ankati anamugwira mwana mwendo umodzi, ena ankati ndinachita kumuwakha m'mwamba. Makolo anasiya kupititsa ana kokameta. Mayi wina anandiimitsa pamsewu n'kundikumbatira, amvekere, "Mwachita bwino, mwapulumutsa mwana." Ndinayankha kuti zikomo.

Lachinayi ndinapitabe kuntchito, ndipo ndinapemphabe 31. Tepiyo inali ya mphindi zisanu ndi zinayi zokha.

"Munalonjeza kuti sizituluka," anatero amuna anga. Mawu awo anali ouma.

"Sindinauze munthu, bambo. Tandiuzani chachitika."

"Ndinauza inu nokha padziko lonse. Koma zilibe kanthu. Mwina sanauzidwe, mwina anangoona pankhope panga. Munthu amene wagona nane zaka zinayi wandiona n'kukuwa. Ndiye amene akunena zoona ndani, inu kapena iye?"

"Munatsika masitepe angati?"

"Awiri."

"Munamuponya?"

"Anandilanda. Sitidzadziwa."

"Bambo, chonde khalani pansi."

"Mundichotse m'kafukufuku wanuyu. Kabuku kanu aka."

Kunamveka mpando ukukokedwa, chitseko, kenako chete. Mlangiziyo anaiwala kuzimitsa chojambulira. Kwa mphindi yathunthu ndinamumva akupuma, ndipo pamapeto anati, yekhayekha, "Anatsala pang'ono."

Masana a tsiku lomwelo a Makiyi anatisonkhanitsa. Anati ofufuza alandira dandaulo lakuti chinsinsi cha munthu wina chatuluka, ndipo mlangizi wake amuimitsa kaye mpaka zifufuzidwe. Anatiyang'ana mmodzimmodzi. Mnzanga amene ndinkasinthana naye matepi kawirikawiri anaweramitsa mutu, kenako anandiponyera diso.

Ndinawatsatira a Makiyi mu ofesi yawo.

"Nambala 31 ndi amuna anga," ndinatero.

Anaika makiyi patebulo. Aka kanali koyamba kuwaona alibe m'manja.

"Unazindikira liti?"

"Tepi yoyamba. Asanayankhule n'komwe."

"Ndipo wataipa angati?"

"Asanu ndi atatu."

Sanandilalatire, ngakhale ndinkalakalaka atatero. Anangoti, "Munthu uja anauzidwa kuti amene azimva mawu ake sadzamudziwa. Amene anamulonjeza zimenezo ankadalira ine, ine ndinkadalira iwe. Siya khadi lako pamenepo." Mlangizi uja anabwerera pantchito mlungu wotsatira. Ine sindinabwererenso.

6

Kwa amayi ndinakhala milungu itatu ndisanalimbe mtima. Iwo ndi amene ankasambitsa mdzukulu wawo, akumuimbira kuti wapulumuka. Ankandidyetsa ngati wodwala, akunditcha mwana wolimba mtima, ndipo chakudyacho ndinkachisiya m'mbale.

Lolemba lina m'mawa ndinapita kumalo ometera. Mipando inali yopanda anthu. Kathabwa kamene ankaika pampando kuti ana atalike kanali kataimikidwa pakona. A Phee ankatsuka zipeso zoyera kale. Anali ataonda, ndevu zosameta.

"Mwana ali bwanji?" anafunsa osandiyang'ana.

"Ali bwino. Wayamba kukwawa."

Anagwedeza mutu.

"Mlangizi uja sanaulule," ndinatero. "Matepi anu ankabwera ku ofesi kwathu. Ndinkataipa ndine, onse."

Chipeso chinaima m'manja mwawo. Anakhala pampando wometerapo pang'onopang'ono, ngati nkhalamba.

"Onse?"

"Onse."

"Ndiye munamva zimene mayi aja ankandiuza. Kuti ganizo si cholinga."

"Ndinamva."

"Munadziwa kuti Loweruka lija ndikutsika naye. Munadziwa chifukwa chake."

"Ndinadziwa."

"Ndiye munakuwiranji?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anathawa. Ndinayang'ana pagalasi, n'kuona nkhope yanga pafupi ndi yawo, ndipo ndinanena chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale m'pemphero.

"Msana wanga ulibe vuto. Mwanayu ali ndi masiku khumi, ndikumusambitsa, ndinadziona ndikukanikiza kamutu kake m'madzi. Chithunzi chabe, ngati chanucho. Ndinamuvuula, ndinataya madziwo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikaona beseni manja amazizira. Chimabwera mpaka lero."

Anatembenuka n'kundiyang'ana koyamba.

"Tsiku lija amayi anandipanikiza," ndinapitiriza. "Anatsala pang'ono kundigwira. Ndiye ndinaona inu pa masitepe, ndipo ndinaona pothawira. Ndinawapatsa inu kuti asiye kuyang'ana ine."

Kunja kunadutsa galimoto yogulitsa zinthu ikuliza nyimbo. Tinaidikira mpaka inapita.

"Milungu yonse ija ndinkachita manyazi kukuyang'anani m'maso," anatero. "Ndinkati ndakwatira mngelo, ine ndine chinyalala. Ndinkanena zimenezo pa tepi, inu mukumva."

"Eya."

"Mukanangonena mawu amodzi. Mukanangoti, inenso."

Ndinagwada pa simenti, pa tsitsi lochepa limene linali pansipo. Sanandidzutse, komanso sananditukwane. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa mondizungulira.

"Pitani mukawauze amayi anu ndi achimwene anu," anatero. "Muwauze zonse ziwiri, osati yanga yokha."

7

Ndinakawauza. Achimwene anatuluka panja n'kukhala m'galimoto ola lathunthu, kenako anapita okha kukapepesa alamu awo. Mawa lake amayi anandifunsa ngati kuli kofunika kundiperekeza. Ndinapitanso kusitolo ya zitsulo, kwa mayi uja anandikumbatira, ndi kwa makolo amene ndinkawadziwa. Ena anamva. Ambiri anangoona kuti m'banjamo amisala alimo awiri. Bodza langa linatenga mphindi imodzi kulinena, ndipo mpaka lero sindinamalize kulitolera.

Ndinapeza mlangizi wanga, wina, kwina. Ndinalemba makwerero anga: beseni lopanda madzi, beseni la madzi pang'ono, mapazi okha, mpaka m'chiuno. Kawayilesi ndinamusambitsa thupi lonse ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Chithunzi chija chinabwera, ndinachisiya chikhale, mwanayo anandimwaza madzi kumaso, ndipo chinapita chokha. Chinthu chimene ndinawonongera banja langa chinatha m'miyezi inayi ya kucheza ndi munthu Lachitatu masana.

Amuna anga zinawatengera nthawi yaitali kubwerera kwa mlangizi wawo. Kafukufuku uja anali atatha, nambala 31 italembedwa m'gulu la amene anasiyira panjira. Anayambiranso pa choyamba, kukhala pansi mphindi ziwiri, ndipo ulendo uno ankakwera movutika, chifukwa pa chithunzi chija panali patawonjezeka mawu anga akukuwa. Malo ometera anasamutsira kumsika wina, kumene amameta akuluakulu okhaokha. Sitinasudzulane, komanso sitinabwererane. Ine ndimakhala kwa amayi, ndipo Lamlungu lililonse ndimapita ndi mwana kunyumba ya m'mwamba ija.

Inu amene mukuwerenga, sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Mwina m'mutu mwanu mumadutsa chinthu chimene simungachitchule, ndipo mumayang'ana mnzanu wa m'nyumba n'kumati iye ndi woyera. Kauzeni munthu wodziwa ntchito imeneyi. Alipo, ndipo sadzadzidzimuka. Ndipo wina akakuululirani chake, kapena mukachimva mwangozi, musachisandutse chishango chanu. Ine ndinamva thandizo lonse m'makutu mwangamu, kwaulere, milungu isanu ndi iwiri. Chinandikanika n'kuvomera kuti likunena za ine.

Mwezi wathawu amuna anga anafikanso pa chachisanu ndi chinayi. Lamlungu lapitali, nthawi yotsanzikana, anandiuza kuti ndidikire pansi. Ndinatsika, ndinaima pafupi ndi chitseko cha sitolo, n'kuyang'ana m'mwamba. Anatuluka atagwira Kawayilesi padzanja. Panopa ali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo pakamwa pake sipanapezekebe pozimitsira. Bambo ake anakhosomola kawiri, anawerama, n'kutambasula manja.

"Bwera, mayi, ndikunyamule titsike."

Mwanayo anawakankha.

"Ayi! Ndekha!"

Anagwira khoma n'kuyamba kutsika, sitepe imodzi, mapazi onse awiri, kenako ina, akuwerenga mosokoneza. Bambo ake ankamutsatira pambuyo, manja ali otambasula, opanda kanthu. Atafika pansi mwanayo anadziombera m'manja, ndipo ifenso tinamuombera.

A Phee anatulutsa kabuku kaja m'thumba la malaya. Anatsegula tsamba la makwerero, pomwe mizere isanu ndi inayi inali yochongedwa, anayang'ana wa khumiwo kanthawi, cholembera chili m'manja. Kenako anatseka kabukuko osalemba kanthu.

"Wakula," anatero.